Jasi Yokwana M'thumba

Foni ya achemwali anga inandipeza ndili m'chigafa, tikusankha fodya. Unali mwezi wa Meyi, pa esiteti ina kwa Kaluluma komwe makolo anga anakhala matenanti chichokereni kwathu ku Phalombe. Netiweki pamalo paja inkapezeka pachulu chimodzi chokha kuseri kwa chigafa, ndiye ndinathamangira pomwepo foni ili kukhutu, masamba a fodya adakali m'dzanja linalo. Mphepo inkawomba ndipo mawu ankabwera modukaduka.

"Ndatumiza jasi ya abambo," anatero achemwali ali ku Joni. "Ifika ndi a transipota. Uwauze avale mpaka kumapazi."

Mpaka lero ndikhoza kulumbira kuti ndinamva choncho. Ndinafunsa kuti ndi ya mtundu wanji, koma foni inali itaduka kale.

Ndinatsika pachulupo mutu utaima. Achemwali anali atachoka zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, mu Febuluwale, fodya atapsa m'munda, nthawi imene ngakhale wodwala amadzuka kukathyola. Sanabe kanthu, sanathawe ndi mwamuna. Anangonena kuti atopa ndi kununkha fodya ndipo apeza mnzawo wopita naye ku Joni. Abambo anaima pakhomo, matenanti anzathu akumva, n'kunena kuti: "Ukatuluka pano, tuluka ndithu. Tsiku lina usadzaime pabwalo langa n'kumati odi. Sindidzayankha." Abambo anga mawu akatuluka m'kamwa mwawo amawasunga, ngakhale atakhala mawu opusa chotani. Kuyambira tsikulo sanagwirepo foni imene kumapeto kwake kuli mwana wawo woyambayo. Achemwali akaimba, ankalankhula ndi ine kapena ndi amayi, abambo n'kupeza chochita kumunda.

Chimene chinkapweteka kwambiri n'chakuti awiriwa ankagwirizana kuposa tonse. Ali mnyamata ku Phalombe, abambo ankaimba jazi. Anali ndi gulu la anthu anayi: banjo ya chigoba cha mafuta, babatoni, ng'oma yopondera ndi phazi, ndi zisekese za zotsekera mabotolo. Banjoyo anabwera nayo ku Kasungu pa lole, ndipo ankaiimba Lamlungu masana, achemwali akuwapolokozera. Ine mawu anga ankati ndi othamangitsira akhwangwala m'munda. Achemwali atachoka, banjo inakwera kudenga n'kukhala nyumba ya mavu.

Nanenso ndinali nawo mlandu wanga achemwaliwo. Mizere yawo yonse inagwera ine. Ndinali nditamaliza fomu folo, ndili ndi Chingerezi chimene ndinkachiyesa chambiri, ndikudikira kuitanidwa ku maphunziro a uphunzitsi, koma tsiku ndi tsiku ndinkasoka fodya ndi kumupachika pamikangala. Ndiye ndisaname kuti ndinathamanga ndi chimwemwe kukanena za jasiyo. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikuganiza kuti munthu wakhala zaka zonsezi osatumiza ngakhale mpango, lero wayambira jasi.

Ndinawauza amayi, koma mokweza, kuti abambo amene anali pamphasa chapatali amve. Amayi anagwira pakamwa. Abambo sanadzutse mutu. Anapitiriza kusanja masamba, ofiira uku, oyera uko, mpaka ndinayamba kuganiza kuti sanamve. Patapita nthawi anafunsa, maso ali pafodya:

"Wati mpaka kumapazi?"

"Eya, abambo."

"Ndiye ndi yaitali."

Anabwerera ku masamba awo. Koma aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo la jasi yochokera ku Joni. Mwana akafuna kuti bambo ake adziwe kuti sanawaiwale, satumiza kalata. Amatumiza jasi kapena bulangete, chinthu chimene anthu adzachione pamaliro ndi kutchalitchi, n'kufunsa kuti chachokera kuti. Kwa abambo inali njira yokhayo yolandirira mwana wawo osabweza mawu awo. Jasi sinena odi. Imangofika, munthu n'kuivala.

Sabata isanathe nkhani inali m'kamwam'kamwa pa esiteti ponse, ndipo woifalitsa sanali amayi ayi. Fodya wa bale amasankhidwa m'mamawa, mame asanaume, masamba akadali ofewa, ndipo m'miyezi imeneyo chisanu cha ku Kasungu chimalowa mpaka m'mafupa. Ndinawamva ndekha abambo akuuza a kapitawo, akupekesa manja: "Chisanu ichi chingondipeza chaka chino chokha. Kukubwera chinthu." Kwa mnzawo wa ku Mulanje anati ndi yakuda. Kwa wina anati ili ndi ubweya m'khosi. Sindikudziwa kuti zimenezi anazitenga kuti. Jasiyo inkakula tsiku lililonse, ndipo dzina la woitumiza sankalitchula. Ankangoti "ku Joni kwatumizidwa."

Katundu wa a transipota, onyamulira anthu zinthu kuchokera ku Joni, ankasiyidwa pa golosale ina ya patiredingi, ya bambo wina wachisilamu wochokera ku Mangochi, munthu wofatsa amene ankadziwa nkhani za banja lililonse koma osazinena. Uthenga utabwera kuti katundu wafika, abambo anati ali ndi zogula komweko, ndiye tipitire limodzi. Anameta ndevu. Anatenga njinga n'kumanga chingwe cha mphira pakaliyala, chomangira katundu. Linali Lachisanu, ndipo tinapeza golosale ili yotseka, eni ake ali ku mzikiti. Tinakhala pakhonde ola lathunthu, abambo akupereka moni kwa aliyense wodutsa ndi kufotokoza chimene tikudikira.

Eni golosale atabwera, anatilonjera, n'kulowa kuseri kwa kauntala. Ine ndinkayang'ana matumba akuluakulu amene anali pakona. Iwo anatsegula kabati ya ndalama n'kutulutsa envulopu yakhaki, yopyapyala, yokwana m'thumba la malaya.

"Ndi umenewu katundu wanu."

Abambo anaseka. "Iyo ndi kalata. Katunduyo?"

"Wabwera ndi umenewu basi, achimwene."

Ndinang'amba envulopu. Munali kabokosi ka pulasitiki, pamwamba pake chithunzi cha njanji yopanda sitima ndi sutikesi itaikidwa pakati pa njanjiyo. M'kati munali chimbale chonyezimira. Pansi pa chithunzi panali mawu a Chingerezi, ndipo pakati pawo ndinaona liwu limodzi limene linandiumitsa pakamwa. Ndinaliwerenga kawiri.

"Abambo," ndinatero, "si jasi. Ndi jazi."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Pakhomo panali patadzaza anthu amene abambo omwewo anawakopa ndi nkhani ya jasi. Wina anatsokomola. Ndinafuna nthaka itseguke. Koma kenaka nkhope ya abambo inasintha pang'ono, ngati munthu amene wataya nkhuku n'kutola dzira.

"Jazi?" anatero. "Ngati ndi jazi, ndiye ndikuidziwa. Ikani timve."

Kwathu kunalibe choimbira chimbale. Eni golosale anali ndi wailesi ya kanema ndi kamakina ka zimbale zoyendera sola, zimene ankaonetsera mpira. Anapukuta chimbalecho ndi mkanjo wawo n'kuchilowetsa. Anthu anasunthira pafupi. Abambo anakhala pa thumba la mchere, phazi lakumanja lili lokonzeka kuponda ng'oma.

Inayamba piyano, ikudontha pang'onopang'ono ngati denga lothonya. Kenaka chingwe chachikulu ngati cha babatoni chinayamba kung'ung'udza pansipansi. Kenaka lipenga, limene linakwera, n'kutsika, n'kupita kumbali, osafika kulikonse. Woimba ng'oma ankamveka ngati akusesa pabwalo. Phazi la abambo linali m'mwamba, likudikira poti liponde. Linadikira mpaka linatopa.

"Akuchuna," anatero abambo, kuuza anthu. "Adikireni, ayamba."

Sanayambe. M'malo mwake kunabwera mawu a mzimayi, okhuthala, aulesi, akuimba m'Chingerezi ngati wangodzuka kumene. Sanali achemwali. Anthu onse anatembenukira kwa ine, chifukwa wa fomu folo ndinali ine.

"Akuti chiyani?" anafunsa abambo.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti Chingerezi cha m'kalasi ndi Chingerezi cha mzimayi uja sizinali pachibale. Liwu limodzi ankalikoka mpaka ndiiwale poyambira pake. Ndinatola zimene ndinatha.

"Akuti ali pa siteshoni. Kukugwa mvula. Sitima yachedwa."

"Akupita kuti?"

"Sananene."

"Munthu akwera sitima osadziwa kopita?"

Nyimbo yachiwiri inali yothamanga pang'ono. Ndinamva kuti sutikesi yake ndi yopepuka, ndipo akusangalala nazo. Nditanena zimenezi, mayi wina wogulitsa tomato amene anali pakhomo anati, "Ndiye kuti mwana wanuyo akukuuzani kuti alibe kanthu. Ku Joni kwavuta." Bambo wina wa kuno, wolankhula mosakaniza ndi Chitumbuka, anatsutsa. Anati sutikesi yopepuka ndi ya munthu amene wasiya katundu kunyumba ya mwamuna, ndiye kuti wakwatiwa. Anthu anayamba kukangana pa moyo wa achemwali anga ngati akukangana za mpira, ndipo aliyense ankafuna kuti ine ndigamule. Ine thukuta lili kamukamu, m'mwezi wozizira.

Nyimbo yachitatu inali ya boti, kapena ya mlatho, sindinamvetse. Munali mayina a mizinda imene sindinaimvepo. Pakati pake mzimayi uja anasiya mawu n'kuyamba kungolira ndi pakamwa, "du-bi-da, sha-ba-da," kuthamangitsana ndi lipenga.

"Apo akuti chiyani?"

"Apo si Chingerezi, abambo."

"Nanga ndi chiyani?"

"Sindikudziwa."

Ndinatembenuza kabokosi kaja kuti ndibise nkhope. Kumbuyo kunali mayina a nyimbo khumi ndi imodzi. Ndinawawerenga mokweza, ndikumasulira, kuti mwina ndibwezeretse ulemu wanga: ya siteshoni, ya sutikesi, ya doko, ya malire, ya hotela yopanda mawindo. Yomaliza inali ndi liwu limodzi lalifupi la zilembo zitatu. Popeza ena onse anali a Chingerezi, nalonso ndinalitchula mwachingerezi, "Odai," ndipo ndinati liyenera kukhala dzina la mzinda wina wa kunja. Palibe anatsutsa.

Abambo anaimirira nyimbo yachinayi isanayambe.

"Iyi si jazi," anatero. "Jazi imakhala ndi poyambira, imakhala ndi povinira. Awa ndi anthu anayi amene sanagwirizane nyimbo yoti aimbe. Ngati mwanayu amafuna kundiseka, wandiseka."

Anatuluka. Chimbale tinachisiya m'makina momwemo. Ulendo wonse wobwerera sanakwere njinga, ankangoikankha, chingwe cha mphira chija chikulendewera pakaliyala popanda chomanga. Titafika, amayi anatuluka akupukuta manja, maso ali pakaliyala. Ndinawauza kuti kwabwera chimbale. Anafunsa ngati ndi chadothi kapena chachitsulo, ndipo ndinalibe mphamvu zowafotokozera.

Masiku otsatira anali oipa. Anthu a pa esiteti si ankhanza, koma nkhani yotere sangaisiye. M'mawa kukazizira, wina ankafuula kuchokera ku chigafa china kuti, "Madala, valani ija ya ku Joni!" Abambo ankaseka nawo ndi mano okha. Ankabwera ku ntchito atavala juzi yawo yakale yong'ambika m'zigongono, ndipo anayamba kutsokomola.

Ine ndinali ndi mkwiyo wosadziwa kolowera. Theka ndinkakwiyira achemwali: munthu wanzeru zake angatumize bwanji phokoso lotere kwa bambo amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi osamulankhula? Theka ndinkadzikwiyira ndekha, chifukwa jasi ija inatuluka m'makutu mwanga. Ndinkabwereza mawu a pachulu paja m'mutu, kufunafuna pamene ndinasochera. Jazi ndi jasi, chabwino, mphepo ikhoza kusokoneza. Nanga zovala mpaka kumapazi zija zinachokera kuti? Chimbale amavala?

Patatha sabata ziwiri achemwali anaimbanso. Ndinakwera pachulu nditakonzeka kuwalalatira, koma mawu awo anali aang'ono kwambiri moti ndinaiwala zimene ndinakonza.

"Chinafika?"

"Chinafika."

"Anamvera?"

"Anamvera."

"Ndiye anati chiyani?"

Za jasi sindinanene, manyazi anandigwira. Ndinangoti, "Akuti oimbawo sanamalize kuchuna. Akuti mumafuna kuwaseka."

Ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka, koma masekondi ankawerengabe.

"Palibe china chimene ananena?" anafunsa. "Sanayankhe kanthu?"

"Ayankhe chiyani, achemwali? Munafunsa funso?"

"Chabwino," anatero. "Ndamva. Uwapatse moni amayi."

Anadula. Mwezi wa Juni wonse sanaimbenso, ndipo ine ndikaimba sankayankha. Ndinadziwa kuti ndaswa chinthu, koma sindinkadziwa kuti n'chiyani, kapena ndachiswa ndi liwu liti. Amayi ankandifunsa tsiku lililonse ngati foni yalira. Abambo sankafunsa, koma ndikatsika pachulu ndinkawapeza akundiyang'ana.

Kumayambiriro kwa Julaye tinayamba kudinda mabelo, ndipo ulusi wosokera ziguduli unatithera. Eni golosale anatumiza uthenga kudzera mwa a kapitawo kuti ulusi wafika, koma abambo abwere okha kudzasankha, ndipo abwere ndi mwana wawo wa Chingerezi uja. Ndinadabwa, chifukwa ulusi ndi ulusi, sufuna womasulira. Abambo anali asanapondeko patiredingi chichitikireni zija. Anang'ung'udza, koma mabelo sakanadikira.

Tinafika m'mawa, m'golosale muli anthu awiri okha. Eni ake anatipatsa moni, n'kunena kuti ulusi uli kuseri, tidikire pang'ono. Asanapite anakanikiza kabatani pa makina aja, kangapo, ngati akudumpha zinthu. Kenaka analowa kuseri n'kutisiya.

Inayamba piyano yomwe ija yodontha. Abambo anafwenthera, n'kutembenukira ku shelefu ya sopo. Chingwe chachikulu chinalowa. Ndiyeno lipenga linaimba kanyimbo kena pang'onopang'ono, ndipo ndinaona msana wa abambo ukuuma. Ine sindinazindikire kanthu. Ndinangoona kuti dzanja lawo, limene linali pa kauntala, layamba kusuntha zala ngati likukanikiza nsambo.

Kenaka kunabwera mawu a mzimayi, koma osati uja waulesi. Awa anali opyapyala, onjenjemera pang'ono, ndipo ankaimba Chichewa.

Nyimboyo inali ya abambo. Anaipeka okha pa lole imene inatibweretsa ku Kasungu, ine ndili kumsana. Inkatchula malo onse amene lole inadutsa, Phalombe, Zomba, Liwonde, Balaka, mpaka kuno, ndipo pamalo aliwonse inkanenapo kanthu koseketsa. Ndinaimva kambirimbiri ndili mwana, yothamanga, yovinitsa. Apa inali itafatsa moti ndikanaidutsa pamsewu osaidziwa. Ndipo malo ake anali ena.

"Joni tsala, sindinakuzolowere," ankaimba achemwali anga. "Musina ndadutsa, mtima uli m'manja. Harare ndagona pampando. Tete kutentha, sindinatsike."

Anafika pa Dedza, anati kwazizira ngati kwathu. Anafika Lilongwe, Mponela, Madisi. Pa dzina lililonse lipenga linkayankha, monga mmene iwo ankawayankhira abambo kale. Ine ndinali nditagwira thumba la shuga, sindikudziwa kuti ndinalitenga liti. Anafika Kasungu. Anati atsika pamsewu waukulu, ayenda wapansi, aona zigafa, amva fungo la fodya limene ankati atopa nalo. Anati aona nyumba, utsi ukutuluka kukhitchini, njinga itatsamira pakhoma. Zoimbira zinayamba kusiya chimodzichimodzi, piyano, lipenga, wosesa uja, mpaka kunatsala chingwe chachikulu chokha. Nachonso chinasiya.

M'golosale munali chete. Ndiyeno mawu aja, osaimbanso, ongolankhula ngati munthu waima panja:

"Odi. Odi kuno."

"Odini," anatero abambo, akutembenukira kukhomo.

Anayankha mmene munthu aliyense amayankhira, pakamwa patatsogola mutu usanaganize. Pakhomo panalibe munthu. Panali dzuwa, njinga yathu, ndi mbuzi ikudya katoni. Anaima choncho akuyang'ana panja, ndipo makina aja anangoti tswii, chimbale chatha.

Pamenepo zonse zinandigwera nthawi imodzi. Odai uja, mzinda wa kunja uja, anali odi. Zilembo zitatu zimene ndakhala ndikuzinena chiyambire kulankhula, ndinaziwerenga pamaso pa anthu ngati mzungu. Ndipo pachulu paja achemwali sananene kuti avale mpaka kumapazi. Anati amvere mpaka kumapeto. Ife tinamvera nyimbo zitatu mwa khumi ndi imodzi, ndipo ine ndinawauza kuti abambo amvera ndipo sanayankhe. Kwa mwezi wathunthu achemwali anga anakhala ataima pabwalo, akudziwa kuti eni nyumba amva odi wawo n'kukhala chete monga analonjezera.

Eni golosale anatuluka kuseri ndi ulusi m'manja. Sanayang'ane aliyense. Anati chimbalecho ankachiika masana kukakhala kopanda makasitomala, chifukwa chimawathandiza kuwerenga katundu, ndipo tsiku lina anaiwala kuchizimitsa mpaka chinafika kumapeto. Anatsegula kabokosi kaja n'kusolola pepala la chithunzi cha njanji. Sindinkadziwa kuti limafunyululuka. M'kati, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere, pansi pa nyimbo yomaliza panali dzina la achemwali. Pambali pake, pamalo a wopeka nyimbo, panali dzina la abambo, lolembedwa molakwika chilembo chimodzi.

Ndinawaonetsa. Sadziwa kuwerenga bwino, koma dzina lawo amalidziwa. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Aiimba mochedwa kwambiri," anatero. "Ndipo wa lipengayo akulowa msanga."

Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi, n'kukhala pa thumba la mchere lomwe lija.

"Ndinati sindidzayankha," anatero, osayang'ana munthu.

"Munatero, achimwene," anatero eni golosale.

"Koma ndayankha."

"Tonse tamva."

Abambo anagwedeza mutu ngati munthu amene wagonja pa mlandu umene ankafuna kugonja. Kenaka anatembenukira kwa ine, ndipo mawu awo anabwerera mwakale, aukali.

"Nanga ukuyang'ana chiyani? Foni uli nayo. Munthu akayankhidwa odi amauzidwa, sasiyidwa panja."

Patiredingi netiweki inali yabwino. Ndinatuluka pakhonde n'kuimba. Foni inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, inadukanso. Ndinalemba uthenga wa mawu atatu: "Abambo akuti odini." Sipanathe mphindi, foni inalira.

Poyamba sitinamvane, chifukwa tonse tinkalankhula nthawi imodzi ndipo tonse tinkalira. Ndinaulula zonse, za mphepo ya pachulu, za nyimbo zitatu, za Odai. Iwo anandiuza kuti amagwira ntchito ya m'nyumba kwa mzimayi woimba uja, amene anawamva akuimba nyimbo ya lole akukolopa, n'kuwakakamiza miyezi itatu kuti akaiimbe ndi gulu lake. Anati anavomera chifukwa sanapeze njira ina yoimira pabwalo la abambo. Nditawafunsa chifukwa chimene sanangondiuza kuti nyimbo yawo ndi yomaliza, anati ankaopa kuti abambo akadziwa kuti muli mawu awo sakanalola n'komwe kuti chimbale chiikidwe. Ndinawafunsanso kuti du-bi-da amatanthauza chiyani. Anati nawonso sadziwa, ndipo akuganiza kuti mwini wakeyo sadziwanso. Mpaka lero nyimbo khumi zinazo sindizimvetsa, ngakhale ndazimvera kambiri.

Kenaka ndinawauza za jasi. Ndinawauza kuti abambo anameta ndevu, anamanga chingwe pakaliyala, anauza esiteti yonse kuti ndi yakuda ndipo ili ndi ubweya m'khosi. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anangofunsa:

"Amavala saizi yanji masiku ano?"

Ndinasuzumira m'golosale. Abambo anali atakhalabe pa thumba lija, pepala la chimbale lili m'manja, akuuza eni golosale kuti abwezere nyimbo ija kuti awaonetse pamene wa lipenga walakwitsa. Juzi inali ikulendewera m'mapewa mwawo, ndipo khosi linali litatuluka m'kolala ngati la munthu wina. Ndinkakhala nawo tsiku lililonse, koma ndinali ndisanaone kuti atha chonchi.

"Mugule yaing'ono, achemwali," ndinatero. "Yaing'ono kuposa imene mukuikumbukira. Ndipo musaitumize ndi a transipota. Mubwere nayo nokha."